Ndinalemba pa Khadi Kuti Anapsa

Olemekezeka amayi wapampando wa komiti yoyang'anira chipatala chino, olemekezeka bambo mkulu wa chipatala pamodzi ndi achiwiri anu, olemekezeka madokotala a mafupa, a khungu ndi a ana, olemekezeka anamwino ndi azamba, inu amene mumawongola ndi kulimbitsa ziwalo za ana athu, inu amisiri opanga nsapato, zitsulo ndi ndodo zoyendera, anzanga makalaliki amene mwaima kumbuyoko chifukwa mipando yatha, makolo, agogo ndi azakhali amene mwabwera ndi ana, ndiponso inu ana, eni ake enieni a nyumba ino: ndikukupatsani moni nonse, ndipo ndikuthokoza kuti mwandibwereka makutu anu m'mawa uno.

Kalata yondiitana itandipeza, ndinaiwerenga kawiri, kenako ndinaitembenuza kuti ndione ngati sinasochere. Mlendo wolemekezeka amene ine ndimamudziwa amabwera pa galimoto yakuda, wina akumutsekulira chitseko, wina akumunyamulira mapepala. Ine ndabwera pa basi, ndipo mapepala anga ali m'chikwama momwe muli mankhwala a msana. Ndine kalaliki wopuma pa ntchito. Zaka zanga zonse ndathera m'chipinda cha mafayilo cha chipatala chomwe chino, kuseri kwa kawindo kaja mumakadziwa, ndikufunsa anthu mafunso anayi omwewo: dzina, zaka, kumene mukukhala, ndi chimene chavuta. Sindinabayepo munthu jakisoni, sindinamangepo bala. Ngati mumayembekezera mawu akuluakulu a zachipatala mundikhululukire, chifukwa ndikuuzani zokhazo zimene kalaliki amadziwa.

Ndisanapite patali, ndithokoze. Nyumba ino inayambira pa benchi ya m'khonde, pafupi ndi kochapira, pamene amayi asanu ndi awiri ankakumana Lachiwiri loyamba la mwezi uliwonse, ana ali pamiyendo, phokoso la makina ochapira likumeza theka la mawu awo. Anakumana choncho zaka zisanu ndi zinayi osatopa. Ena a iwo ndikuwaona pano, ndipo ndikupempha musabise nkhope, kuwomba m'manja kumeneku ndi kwanu. Ndithokozenso mmisiri wathu wa nsapato, amene wakhala akugwirira ntchito pansi pa masitepe, mutu woweramitsa, moti lero amawerama ngakhale ali panja. Bambo, mwapatsidwa chipinda chokhala ndi windo tsopano, muphunzirenso kuima. Ndithokoze akomiti, amene tinawavutitsa mpaka anayamba kutizindikira ndi kagogodedwe kathu, komanso onse amene anathandiza mwakachetechete osafuna kutchulidwa.

Kwa alendo amene simukudziwa chimene tasonkhanira, ndifotokoze mwachidule. Matenda amene nyumba ino yamangidwira ali ndi dzina lalitali limene lilime langa linakana kalekale. Mwana amabadwa ndi khungu lotambasuka kuseri kwa bondo, lochokera m'ntchafu kutsika kukafika pa katumba, ena mpaka kuchidendene, lofanana ndi lija la pakati pa zala za bakha. Khungu limenelo limagwira bondo kuti lisawongoke. Ana ena limawagwira m'khosi, m'khwapa, m'zigongono kapena pakati pa zala, ndipo ena amabadwanso ndi mlomo wong'ambika. Ndi matenda otengera kumtundu, ndipo ndi osowa kwambiri, moti dokotala akhoza kukalamba pa ntchito asanakumane nawo. Ine ndinakumana nawo ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, tsiku limene mayi anga anabwera kunyumba ndi mng'ono wanga.

Mng'ono wangayo kwathu timamutcha Wayilesi, chifukwa chiyambire kulankhula sanapumepo. Anabadwa ndi khungu lija kuseri kwa mawondo onse awiri. Bambo athu anamwalira iye asanayambe kukwawa, ndipo tinatsala atatu m'zipinda ziwiri za kuseri kwa shopu yowotcherera zitsulo. Amayi anali munthu wosadziwa kukhala manja lende. Anaganiza kuti khungulo likhoza kufewa, ndiye ankamuthowa ndi kansalu koviika m'madzi otentha, akukoka mwendo pang'onopang'ono. Tsiku lina madzi anatentha kupitirira, ndipo mwana anapsadi kuseri kwa bondo lamanzere. Bala linapola, koma linasiya chipsera chachikulu ngati chikhatho cha mwana.

Patapita masiku, mayi wina woyandikana nafe anaona chipseracho pamene amayi ankasambitsa mwana pakhonde. Anafunsa kuti, "Kodi mwanayu anapsa? Ndiye chifukwa chake miyendo yapindika chonchi?" Amayi anati, "Eya, anapsa." Nkhani inayambira pamenepo. Pofika chaka chotsatira inali itamera manja ndi miyendo: panali ketulo, panali tebulo logwedezeka, panali amayi atatuluka kukayanika zovala. Ine ndinkadziwa kuti palibe ketulo imene inagwa, ndipo tsiku lina ndinawafunsa chifukwa chake amanena zimenezo.

Anandikhazika pa bedi, natseka chitseko. Anati, "Tamvera iwe. Ndikanena kuti anapsa, anthu azingoti ndine mayi wosasamala, basi, nkhani ithera pa ine. Ndikanena kuti anabadwa choncho, aziti n'zakumtundu. Ndiye iweyo adzakukwatira ndani?"

Olemekezeka, ndikupempha musafulumire kuwaweruza. Mayi ameneyo anasankha kutukwanika kuti ana ake asatukwanike. Anthu ankamunena pampopi, ankamunena pamsika, iye n'kumangodutsa mutu uli m'mwamba. Ine ndinaliona bodza limenelo ngati chikondi, ndipo ndinaliloweza bwino kuposa ndakatulo zakusukulu. Wayilesi mwiniwake anakula akudziwa kuti anapsa. Ankayenda chopinda mawondo, chonyang'ama, koma mwaliwiro, pakamwa pakupita patsogolo, miyendo ikutsatira. Akaona ketulo pamoto ankazungulira kutali.

Nditatsiriza sukulu ndinalembedwa ukalaliki pano. Ndinali ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri, ndili ndi chidindo changa, makiyi a kabati, komanso mnyamata wina wokonza mawotchi amene anali atayamba kuchedwachedwa pa geti ya chipatala nthawi yoweruka. Chaka chimenecho panakhomedwa chidziwitso pa bolodi: kukubwera gulu la madokotala ochokera kutali, kwa sabata imodzi yokha, kudzamasula ziwalo za anthu amene anapindika chifukwa cha zipsera za moto. Analemba momveka kuti opsa okha. Mndandanda wa mayina unkalembedwa mu ofesi yathu, pa tebulo langa.

Ndinakatenga fayilo ya mng'ono wanga pa shelefu. Tsamba loyamba linali lolembedwa ndi mzamba amene anamulandira, ndi inki yabuluu imene inali itayamba kufufuma: wabadwa ndi khungu lolumikiza kuseri kwa mawondo onse awiri. Ndinalichotsa tsambalo bwinobwino osaling'amba, ndinaliika m'dilowa yanga pansi pa bokosi la inki, ndipo ndinatsekula khadi latsopano. Pa mzere wa chimene chavuta ndinalemba kuti anapsa ndi madzi otentha ali khanda. Ndinalemba mokongola, chifukwa dzanja langa linali lotchuka, kenako ndinadinda. Mtima sunandigunde n'komwe. Ndinkaganiza kuti khungu ndi khungu, lokoka chifukwa cha moto ndi lokoka chibadwire amadula chimodzimodzi, ndipo ndinapita kunyumba tsiku limenelo ndikudziona ngati mchemwali wabwino kuposa onse.

Lolemba khonde linadzaza. Anthu anali atakhala pansi mpaka kumasitepe, ena manja atamatirira pachifuwa, ena khosi litakokedwera paphewa. Dokotala wamkulu wa gululo anali bambo wa imvi, wolankhula pang'ono, amene ankaona munthu aliyense mphindi zochepa chabe. Wayilesi, amene anali ndi zaka khumi ndi zitatu, anagona chafufumimba pa bedi akufotokozera namwino za mphaka wa aneba. Dokotala anagwira m'mphepete mwa khungu lija, nakanikiza ndi chala. Mwana anadzidzimuka.

"Mukakanikiza pamenepo zimathamangira kuzala ngati magetsi," anatero.

Dokotala anayang'ana khadi, anayang'ana chipsera, kenako anayang'ana ine. "Ndinu achibale?"

"Ndine mkulu wake, adokotala."

"Mwanayu anapsa, kapena anabadwa nazo?"

"Anapsa. Ndinalipo."

"Nanga kumanjaku chipsera chili kuti?"

"Anali wamng'ono kwambiri, chinafufutika."

Dzanja la dokotala linali likadali pa mwendo wa mwana. Panja wina anagogoda kuti anthu achuluka. Dokotala anatenga cholembera, nalemba kuti mwendo wamanzere Lachiwiri, wamanja Lachisanu. Ndikufuna zimveke bwino pamaso pa madokotala amene muli pano: munthu uja anandifunsa kawiri, ndipo kawiri konse ndinamunamiza ndikumuyang'ana m'maso.

Lachiwiri masana anamutulutsa mng'ono wanga mu fiyeta, chipinda cha opaleshoni, mwendo uli chowongoka m'chikhakha, kwa nthawi yoyamba chibadwire. Amayi anagwada m'mbali mwa bedi, akusisita chikhakhacho. Ine ndinayendayenda mu wodi monse ngati opaleshoniyo ndachita ndine. Lachitatu m'mawa ndinadutsirako ndisanatsekule ofesi. Namwino anali akumuuza kuti agwedeze zala. Zala sizinagwedezeke. Wayilesi anadzutsa mutu pa pilo, nati, "Achemwali, tandigwirani phazi, ndikuona ngati kulibe."

Phazilo ndinali nditaligwira kale. Linali m'manja mwanga, lofunda bwinobwino, ndipo iye sankadziwa.

Dokotala anabwera, nabaya pansi pa phazi ndi kasingano, apa ndi apa, akuyang'ana nkhope ya mwana. Nkhope sinasinthe. Anati mwina ndi kutupa, tidikire tione. Koma dzina silinachotsedwe pa mndandanda. Lachinayi m'mawa mndandanda wa Lachisanu unafika pa tebulo langa kuti nditayipe, ndipo ndinatayipa ndi zala zangazi: nambala folo, mwendo wamanja. Sindinkadziwa za mitsempha, koma ndinkadziwa chinthu chimodzi chimene dokotala sankadziwa, ndipo mawu aja a magetsi othamangira kuzala anali asanandichoke m'mutu. Mng'ono wanga anali atatsala ndi phazi limodzi lakumva, ndipo mawa lake linkapita pa tebulo lomwelo, ndi khadi lomwelo.

Nthawi ya chakudya chamasana ndinawapeza amayi kuseri kwa wodi, akuyanika thawulo pa waya. Ndinati, "Amayi, ndikukanena."

Sanatembenuke. "Ukanene chiyani?"

"Kuti sanapse."

"Adokotala anena kuti ndi kutupa. Iwe unaphunzira liti udokotala?" Anakamula thawulo lina mwamphamvu. "Akuchotsa ntchito. Ndipo wamawotchi wako uja akamva, umuonanso pa geti?"

"Nanga phazi linalo likafanso?"

Apo anatembenuka, maso ali ofiira. "Zaka khumi ndi zitatu ndasenza dzina la mayi wowotcha mwana. Lero ukufuna undiuze kuti ndinasenzera chabe?"

Ndinawasiya ataima pa waya paja, ndinalowa mu ofesi, ndinatsekula dilowa. Ndikuvomereza kuti ndinakhala pa mpando ola lathunthu tsamba lija lili m'manja, ndikuwerengera zimene nditaye. Ndinkaopa ntchito, ndinkaopa manyazi, ndinkaopa kukhala wosakwatiwa. Ndimachita manyazi kuti phazi la mwana linayenera kudikira ola lathunthu kuti lipambane zinthu zimenezo.

Dokotala ndinamupeza m'kachipinda ka tiyi pafupi ndi fiyeta, akumwa choimirira, chipewa cha opaleshoni chili kumutu. Ndinamupatsa tsambalo. Analiwerenga, naika kapu pa windo.

"Bwanji simunandiuze Lolemba?"

"Mukanamuchotsa pa mndandanda, adokotala."

"Eya, ndikanamuchotsa. Ndipo lero akanakhala ndi phazi."

Sanakalipe, ndipo zikanakhala bwino akanakalipa. Anatenga pepala, najambula mwendo. Anati munthu akapsa, mtsempha waukulu umene umachititsa phazi kumva ndi kuyenda umakhala pamalo pake, mkati, ndipo chipsera chimakhala pamwamba, ndiye ukhoza kudula chingwe cholimba cha m'mphepete osaopa. Koma mwa mwana wobadwa ndi khungu ili, mtsempha umenewo nthawi zambiri umakhala waufupi, ndipo umayenda m'mphepete momwemo, pansi penipeni pa khungu. Chimene iye anachiyesa chipsera chinali ndi mtsempha m'kati mwake. Ali m'kati mofotokoza anasiya, nayamba kundiyang'ana pakamwa. Anati, "Tatembenuzani mlomo wam'munsi."

Pa mlomo wangawu pali timaenje tiwiri. Ndinabadwa nato, bambo anga analinso nato, ndipo kunyumba tinkangoti ndi chizindikiro cha banja. Dokotala anati, "Inunso muli nawo matenda omwewa. Mwa inu anathera pa mlomo, mwa mng'ono wanu anatsika mpaka m'miyendo." Choncho chinthu chimene amayi anabisa zaka zonsezo kuti chisandikhudze chinali pankhope panga, ndipo ndinkachiona pa galasi m'mawa uliwonse.

Anapita pa bolodi, nakhwatcha nambala folo ndi cholembera chake. Kenako anapita nane kwa mkulu wa chipatala wa nthawi imeneyo, ndipo asanandilole kulankhula anati, "Mbali ina ndi yanga. Mwendo unandiuza zoona, ine ndinakhulupirira pepala." Mawu amenewo sanandipeputse, koma anandiphunzitsa mmene munthu wamkulu amanyamulira cholakwa chake. Ndinalandira kalata ya chenjezo, imene inakhala mu fayilo yanga mpaka tsiku lopuma. Ndinkaidziwa pamene ili, chifukwa mafayilo ndinkasunga ndine, ndipo sindinaikhudzepo.

Chovuta koposa chinali kumuuza mwiniwake. Poyamba anakwiya kuti amuchotsa pa mndandanda. Anati, "Wina wowongoka, wina wopindika, ndiziyenda bwanji?" Nditamufotokozera zonse, anatembenukira kukhoma. Wayilesi anazima masiku khumi ndi limodzi. Anamwino amene ankadandaula za phokoso lake anayamba kumunyengerera kuti anene kanthu. Tsiku la khumi ndi chiwiri, ndikumupesa tsitsi, anafunsa osandiyang'ana kuti, "Ndiye ketulo ija kunalibe?"

Ndinati, "Kunalibe."

Anati, "Zaka zonsezi ndakhala ndikuopa ketulo yosalakwa."

Sekani ndithu, nayenso amaseka akaikumbuka. Madokotala anayesa kulumikiza mtsempha uja, koma zimene zinabwerera n'zochepa. Phazi lamanzere mpaka lero limalendewera likapanda chitsulo, ndipo pansi pake sipamva kanthu. Mwendo wamanja anaugwira patapita zaka zitatu, madokotala ena, akudziwa chimene chili m'kati, pang'onopang'ono, maopaleshoni atatu. Sunawongoke wonse, koma umamva, ndipo ndi umene wamunyamula zaka zonse zimene wakhala akuphunzitsa ana kusukulu. Wamawotchi ndinamuuza zonse, ndinamuonetsa ndi mlomo womwe. Anasowa pa geti sabata ziwiri, kenako anabwera ndi mafunso olemba pa pepala oti tikafunse dokotala limodzi. Lero ndi amuna anga, uyo wakhala mzere wachitatuyo, amene akuyerekeza kuti sakuwodzera. Amayi sanaibwerezenso nkhani ya ketulo, koma yoonayo sanainenenso ndi pakamwa pawo mpaka anatisiya. Ndimawakonda, ndipo ndikudziwa kuti tonse awiri tinalakwa.

Tsopano ndilankhule ndi inu makolo. Zaka zimene ndakhala pa kawindo kaja ndamva nkhani zambiri. Ndamva za mwana amene anagwa pa bedi, za mzamba amene anakoka mwendo, za mbaula, za phala lotentha. Zina zinali zoona. Zina ndinkazizindikira msanga, chifukwa munthu amene analoweza nkhani amaifotokoza bwino kwambiri, osapunthwa, ndipo ine ndinali katswiri wake. Ngati mwabwera lero ndi nkhani yotere m'kamwa, sindikukudzudzulani, ndikudziwa chimene mukutchinjiriza. Mukutchinjiriza ukwati wanu, mukutchinjiriza ana enawo, mukutchinjiriza dzina la kwanu kapena la kwa amuna anu. Koma dokotala akagwira mpeni amayenda m'njira imene inu mwamuuza. Muuzeni kuti mwana anabadwa choncho. Muuzeni za amalume amene anali ndi zala zolumikizana, za agogo amene anali ndi mlomo wong'ambika, ngakhale za mwana amene anamwalira asanatchulidwe dzina. Palibe amene anasankha magazi ake, ndipo m'nyumba ino simudzafunsidwa kuti wolakwa ndani. Mudzauzidwa chimene chingatheke, chimene sichingatheke, komanso mwayi umene ulipo kuti mwana wotsatira abadwe nazo, kuti musankhe zochita maso ali otsekula.

Anzanga makalaliki, inu amene mwaima kumbuyoko, anthu amatiyesa olemba mayina chabe, ndipo ifenso nthawi zina timadziyesa choncho. Koma mzere umodzi umene timalemba umayenda kutsogolo kwa wodwala, umalowa mu fiyeta iye asanalowe, ndipo umalankhula iye atagonekedwa tulo. Pa mapulani a nyumba ino ndinalimbikira chinthu chimodzi chokha, mpaka akomiti anayamba kundithawa m'makonde. Ndinati pasakhale kawindo. Mayi sanganene za kumtundu kwake pa kawindo, anthu makumi awiri ali pa mzere kumbuyo kwake makutu ali tcheru. Mukalowa muona kachipinda kumanja, kokhala ndi chitseko, mipando itatu ndi tebulo lalifupi. Mafunso oyamba azifunsidwa m'menemo, chitseko chotseka, ndipo wofunsayo asamayang'ane wotchi. Madokotala, inu sindingakuphunzitseni ntchito. Ndingokupemphani kuti khadi likanena china, thupi la mwana n'kunena china, muzifunsanso kachitatu.

Ndatsala pang'ono kumaliza. Phazi losamva limafuna maso a munthu wina, chifukwa mwiniwake akhoza kuponda msomali m'mawa n'kudzazindikira madzulo ataona magazi mu nsapato. Choncho Lamlungu lililonse masana ndimapita kwa mng'ono wanga. Amakhala pa mpando, ine ndimakhala pa kampando kakafupi, ndimavula chitsulo, ndimaliika phazilo pamiyendo panga, ndimayang'ana pansi pake ndi pakati pa zala, ndimawenga zikhadabo, ndimadzoza mafuta. Iye amakhala akulankhula za ana a sukulu, za mitengo ya zinthu, za amuna anga. Tachita zimenezi zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu. Lamlungu lapitali, phazi lili m'manja, ndinamupempha chilolezo choti ndidzanene nkhaniyi pano, pakuti mwendo ndi wake. Anati, "Mukanene, achemwali, koma mukanene yonse. Ine ndikakhala kutsogolo, ndizikamvetsera ngati mwadumpha."

Ndi uyo wakhala apoyo, wavala zobiriwira, ndodo ili pambali. Mng'ono wanga, ndanena za khadi, ndanena za dilowa, ndanena za ola lija ndinakhala pa mpando. Kodi ndasiyapo kanthu?

Mwaona nonse, wakweza chala chimodzi. Ndikuchidziwa chimene akunena, ndipo sichili pa mapepala angawa.

Olemekezeka, zaka zonsezi ndasambitsa phazi limenelo, ndalidzoza, ndalithamangitsira kuchipatala likachita bala, ndipo ndinkadziuza kuti manja anga akulankhula. Koma pakamwa panga sipanatulukepo mawu amene ankayenera kutuluka Lachitatu lija m'mawa. Ndinkaopa kuti ndikawanena, ayankha.

Mng'ono wanga, ndine ndinalemba khadi lija. Ndine ndinayankha kuti unapsa, kawiri konse. Phazi lako linafera m'dzanja langa lolemba bwino lija. Pepa. Ndinakulakwira, ndikhululukire.

Mundipatse kamphindi.

Kwa inu akumbuyo amene simunamve, wayankha. Akuti, "Mwachedwa, achemwali, koma ndamva. Lamlungu mubwere ndithu, zikhadabo zakula."

Ndibwera.

Amayi wapampando, bambo mkulu wa chipatala, makolo ndi ana nonse, ndi ulemu umene mwandipatsa, ndipo m'dzina la amayi asanu ndi awiri a pa benchi paja, ndikulengeza kuti nyumba ino ya ana obadwa ndi khungu logwira ziwalo yatsekulidwa kuyambira lero. Lowani, ndipo mukanene zonse.

Zikomo kwambiri, nonsenu.